Chilimwe cha Alimi a Ng'ombe ku Montana: Miyezi Itatu Yodyetsa Chaka Chonse

Ku Montana, dera la kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America lomwe lachita malire ndi Canada, ng'ombe n'zambiri kuposa anthu pafupifupi kawiri. Anthu angopitirira pang'ono 1 miliyoni pomwe ng'ombe zimaposa 2 miliyoni. Komatu dziko losunga ziweto zonsezi si la msipu wa chaka chonse. M'zigwa za kumapiri udzu umayamba kuphuka bwino mu Meyi, ndipo pofika Sepitembala chisanu chimakhala chayamba kuuwaula. Kuchokera Novembala kapena Disembala mpaka Epulo kapena Meyi nthaka imauma gwa ndi kuzizira, kawirikawiri itakwiririka ndi chipale chofewa, ndipo ng'ombe imadya chokhacho chimene mwini wake anaisungira.

N'chifukwa chake miyezi yotentha ya Juni, Julayi ndi Ogasiti si yopumula pa mafamu a kumeneko. Kumapeto kwa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30 m'mawa n'kukalowa 9 koloko usiku itadutsa, ndipo maola onsewo amakhala ndi ntchito yake: kuthirira madambo, kukweza ng'ombe kumapiri, kukonza mipanda, kumweta ndi kuwunjika udzu. Amene anaonerapo mafilimu a anyamata okwera akavalo angaganize kuti moyo wa pafamu ya ng'ombe ndi wongothamangitsa ziweto m'thengo. Kale unalidi wotero, kwa zaka zochepa. Chilimwe cha fosholo ndi makina omwetera chimene chilipo lerochi anthu anachiphunzira mowawa, ng'ombe zikwi mazana zitafa m'nyengo imodzi yokha yozizira.

Udzu wa njati

Ng'ombe zisanafike, udzu wa ku Montana unkadyetsa njati za ku America, ndipo njatizo zinkadyetsa eni nthaka monga a Blackfeet, a Crow, a Assiniboine ndi a Salish. Udzuwo uli ndi khalidwe limene linanyenga alendo ambiri pambuyo pake. Popeza mvula ndi yochepa, m'zigwa zina osafika ndi mamilimita 300 omwe pa chaka, udzu umauma uli chiimire osavunda, ndipo umasunga chakudya chake mpaka m'miyezi yozizira. Njati inkadziwa kukankha chipale ndi mutu wake waukulu n'kuupeza udzuwo pansi. Ikaona kuti pano pavuta inkasamukira kwina, pakuti panalibe mpanda woitsekereza.

Ng'ombe zoyamba kuchuluka m'zigwa za kumadzulo zinabwera ndi malonda anzeru. Richard Grant, yemwe anagwirapo ntchito ku kampani ya Hudson's Bay ku Fort Hall, pamodzi ndi mwana wake Johnny, ankadikirira anthu osamukira ku Oregon pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Pofika pamenepo ng'ombe za apaulendowo zinkakhala zitawonda, mapazi atatha ndi miyala. Banja la Grant linkapereka ng'ombe imodzi yonenepa n'kulandira ziwiri zotopa. Zotopazo ankapita nazo kumpoto kukadya m'zigwa za Montana nyengo yonse yozizira, ndipo chaka chotsatira zinkabwerera ku msewu zili zonenepa, zoyenera kusinthanitsidwanso.

Johnny Grant anakhazikika m'chigwa cha Deer Lodge mu 1859 ndipo mu 1862 anamanga nyumba yaikulu yomwe ilipobe. Iye anali wolankhula Chifalansa, wochokera ku Canada, ndipo anakwatira m'mitundu ya eni nthaka, kotero kuti ankakhala nawo mwachibale. Chaka chomwe anamanga nyumbacho golide anapezeka ku Grasshopper Creek, kenako ku Alder Gulch mu 1863 ndi ku Last Chance Gulch mu 1864. Anthu anakhamukira m'derali, ndipo dziko limene Grant ankalidziwa linayamba kumusowa. Mu 1866 anagulitsa famu yake pa mtengo wa $19,200, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Manitoba.

Wogulayo anali Conrad Kohrs, wobadwira ku Holstein mu 1835, amene analowa ntchito ya pa sitima zapamadzi ali ndi zaka 15. Anafika ku Montana mu 1862 kudzafuna golide, koma anazindikira msanga kuti wokumba aliyense, wamwayi ndi watsoka yemwe, madzulo amafuna nyama. Anayamba kupha ndi kugulitsa nyama ku Bannack, n'kufalitsa malondawo m'misasa ina ya migodi. Pamodzi ndi m'bale wake John Bielenberg anakuza ziweto mpaka kufika pa ng'ombe pafupifupi 50,000, zodya pa malo a maekala 10 miliyoni amene sanali ake.

Chilimwe cha pa kavalo

Malo amenewo anali a boma, ndipo boma linawapeza powalanda eni nthaka kudzera m'mapangano ndi m'nkhondo. Alenje a zikopa anamaliza njati za kumpoto pofika 1883, ndipo m'nyengo yozizira yotsatira anthu a mtundu wa Blackfeet mazanamazana anafa ndi njala. Mu 1883 momwemo njanji ya Northern Pacific inalumikizidwa pafupi ndi Gold Creek, kufupi ndi Deer Lodge, ndipo msika wa nyama wa ku Chicago unayandikira. Granville Stuart, mmodzi mwa alimi otchuka a nthawiyo, anawerengera kuti kumapeto kwa 1883 m'thengo la Montana munali ng'ombe pafupifupi 600,000. Zambiri zinachokera ku Texas ndi ku Oregon, ndipo ndalama zogulira zina zinachokera kutali monga ku Scotland ndi ku England.

Ulimi wake unali wosavuta kuufotokoza. Mwini ng'ombe ankazidinda chizindikiro chake ndi chitsulo chamoto, monga CK cha Kohrs, n'kuzitayira m'thengo. Panalibe khola, panalibe mpanda, panalibe chakudya chosunga. Ng'ombe za anthu osiyanasiyana zinkasakanikirana n'kumwazikana mtunda wa makilomita mazana. Ntchito yaikulu ya chaka inali kuzisonkhanitsa, ndipo inkayamba mu Meyi udzu ukakula mokwanira kukhutitsa akavalo.

Eni ng'ombe a dera limodzi ankasankha kapitawo mmodzi woyang'anira ntchito yonse. Famu iliyonse yaikulu inkatumiza ngolo ya khitchini, ngolo ya zofunda ndi gulu la abusa okwera akavalo, ndipo mafamu akutali ankatumiza nthumwi yodzatola ng'ombe zawo zosochera. Mbusa aliyense ankapatsidwa akavalo angapo, kawirikawiri pakati pa 6 ndi 10, chifukwa kavalo wodya udzu wokha satha kuthamanga tsiku lonse. Wophika ankadzutsa msasa kusanache. Akamwa khofi ndi kudya nyama, nyemba ndi mabisiketi, kapitawo ankatsogolera anyamatawo pamtunda n'kuwamwaza awiriawiri, kuti atsike m'makwalala ndi m'mitsinje akukusa ng'ombe iliyonse imene aipeze. Pofika masana ng'ombe zinkakhala zitasonkhana pa malo amodzi, fumbi lili tolotolo. Pamenepo wodziwa kuponya chingwe ankalowa pakati pa gulu pang'onopang'ono, n'kuona thole limene likutsata mayi wake, n'kulikola, n'kulikokera ku moto akufuula chizindikiro cha mayiyo. Lamulo linali lakuti thole ndi la mwini mayi wake. Amuna awiri ankaligwetsa, wina n'kulidinda, wina n'kulidula khutu, ndipo likakhala lamphongo ankalifula. Usiku ankasinthana kulondera, maola awiriawiri, akuzungulira gulu ndi kuimba chapansipansi kuti ng'ombe zisadzidzimuke.

Luso lonseli, la chingwe, la chishalo ndi la kudinda, linachokera kwa abusa a ku Mexico, ndipo pakati pa anyamata amene analibweretsa kumpoto panali akuda, a ku Mexico ndi ana a eni nthaka. Malipiro anali pakati pa $30 ndi $40 pa mwezi. Inali ntchito ya ganyu: akatha kusonkhanitsa kachiwiri cha mu Sepitembala ndi Okutobala, n'kukweza mifule yonenepa m'sitima, ambiri ankauzidwa kuti adzaonane chaka chamawa. M'miyezi yozizira ng'ombe zinkadzionera zokha. Eni ake ankayembekezera kuti zina zifa, koma popeza udzu unali waulere, imfa zochepazo ankaziona zotchipa kuposa kulipira anthu omweta.

Chaka chimene chinasintha zonse

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma tsoka la 1886 linaiimba ndithu. Mitengo ya ng'ombe ku Chicago inali itatsika, choncho ambiri anasunga zimene akanagulitsa. Magulu ena ankabwerabe kuchokera kum'mwera. Chilimwe cha chakacho chinali chotentha ndi chouma, timitsinje tinaphwa, moto unapsereza madera ena, ndipo udzu wotsalawo unadyedwa mpaka pansi. Ng'ombe zinalowa m'nyengo yozizira zili zowonda. Nkhani za nthawiyo zimasimba kuti mbalame zinasamuka msanga ndipo akadzidzi oyera a kumpoto kwenikweni anaoneka m'derali, zomwe akuluakulu a eni nthaka anati n'chizindikiro cha kuzizira koopsa.

Chipale chinayamba mu Novembala. Pakati pa nyengoyo kunafunda pang'ono, pamwamba pa chipale panasungunuka, kenako kuzizira kunabwerera ndipo dziko lonse linakutidwa ndi madzi oundana olimba. Mu Januwale 1887 kuzizira kunatsika kupitirira madigiri 40 pansi pa ziro. Ng'ombe sidziwa kukumba chipale ngati njati kapena kavalo. Zinayenda motsata mphepo, mphuno ndi miyendo zikuchucha magazi, mpaka kukaunjikana m'makwalala ndi m'mphepete mwa mitsinje momwe zinafera. Zina zinalowa m'matauni n'kumadya makungwa a mitengo.

Eni famu ina okhala ku Helena analembera kapitawo wawo ku Judith Basin kufunsa za ziweto. Pa famupo panali mnyamata wina wolondera akavalo, Charles M. Russell, amene anajambula kachithunzi kakang'ono ka ng'ombe ya mafupa okhaokha itaima m'chipale, mimbulu ikuidikirira. Kachithunziko, kotchedwa Waiting for a Chinook, kanatumizidwa pamodzi ndi yankho, ndipo ndi kamene kanayambitsa kutchuka kwa Russell monga katswiri wojambula. Mphepo yofunda yotchedwa Chinook imene ng'ombeyo inkadikirira inafika mu Marichi. Chipale chitasungunuka mitsinje inadzaza ndi mitembo ya ng'ombe. Kusonkhanitsa kwa chaka chimenecho kunali ngati maliro: anyamata ankayenda tsiku lonse n'kubwera ndi ng'ombe zowerengeka. Owerengera ambiri amati Montana inataya ng'ombe zoposa theka, ndipo mafamu ena anataya pafupifupi zonse.

Makampani ambiri anagwa. Stuart anasiya ulimi wa ng'ombe. Kohrs anapulumuka ndi ngongole ya $100,000 yochokera kwa A. J. Davis, mwini banki wa ku Butte, ndipo anaibweza. Sanasiye nthawi yomweyo kutumiza ng'ombe kuthengo, koma iye ndi Bielenberg analimbikira kugula malo, kukumba ngalande, kumweta udzu ndi kuweta mitundu yabwino monga Shorthorn ndi Hereford. Famu yawo ya ku Deer Lodge inakula kufika pa maekala pafupifupi 30,000. Alimi ang'onoang'ono amene anali ndi udzu wosunga m'chaka choipacho anataya zochepa, ndipo aliyense anaona. Kuyambira pamenepo funso la mlimi linasintha. Sanafunsenso kuti thengo lingadyetse ng'ombe zingati mu Julayi, koma kuti iye angadyetse zingati mu Febuluwale.

Chigwa cha milu ya udzu

Ng'ombe yaikazi imodzi imadya makilogalamu 12 kapena kuposerapo a udzu wouma pa tsiku. M'chigwa chimene amadyetsa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiye kuti ng'ombe iliyonse imafuna matani awiri kapena kupitirira. Mlimi wa ng'ombe 300 ayenera kukhala ndi matani osachepera 600, ndipo onsewo ayenera kumwetedwa, kuumitsidwa ndi kuwunjikidwa m'masabata ochepa. Mulu wa udzu kwa mlimi wa ku Montana uli ngati nkhokwe ya chimanga pakhomo: munthu wodutsa akangouyang'ana amadziwa ngati banjalo lidzafike kumapeto kwa nyengo yovuta.

Palibe malo amene ntchitoyi inazika mizu kuposa chigwa cha Big Hole, kum'mwera chakumadzulo kwa Montana, komwe kuli timatauni ta Wisdom ndi Jackson. Chigwachi chili pa mtunda wa mamita oposa 1,800, ndipo chisanu chikhoza kugwa mwezi uliwonse, ngakhale mu Julayi. Mbewu za kumunda sizichita bwino, koma udzu wachilengedwe wa m'madambo ndi wonenepetsa kwambiri. Ndi m'chigwa chomwechi mmene asilikali a America anaukira msasa wa anthu a Nez Perce m'bandakucha mu Ogasiti 1877, n'kupha ambiri kuphatikizapo amayi ndi ana. Patangopita zaka zochepa alimi a ng'ombe anakhazikikamo, ndipo m'kupita kwa nthawi chigwacho chinatchuka monga dziko la milu ya udzu 10,000.

Mu 1908 alimi awiri a m'chigwachi, Herbert Armitage ndi David Stephens, anapanga chipangizo chowunjikira udzu chimene boma linachivomereza kuti n'chawo mu 1910. Anthu amachitcha beaverslide. Ndi chitsetse chachitali cha mitengo ya paini yowongoka, chopendekeka, chokhala ndi chonyamulira cha mano amatabwa kumunsi kwake. Udzu ukakankhidwira pa manowo, akavalo awiri amakoka zingwe zachitsulo zodutsa pa magudumu, chonyamuliracho n'kukwera mpaka pamwamba n'kukhuthulira udzu kuseri. Mulu umatha kutalika mamita 9 ndi kulemera matani 20. Ukatha, chitsetsecho amachikokera patsogolo n'kuyamba wina. Mulu womangidwa bwino umauma khungu pamwamba, mvula n'kumatsetsereka, ndipo udzu wa m'kati umakhala wabwino kwa zaka zingapo. Zotsala za chaka chabwino zimadzapulumutsa ziweto chaka choipa.

Kumweta kunkayamba pakati pa Julayi n'kutha kumapeto kwa Ogasiti, ndipo kunkafuna anthu ambiri. Aganyu ankabwera kuchokera ku Butte ndi kwina, n'kumagona m'nyumba ya antchito kapena m'matenti. Ntchito inali ndi magawo ake. Patsogolo pankapita omweta, aliyense pa makina okokedwa ndi akavalo awiri. Udzu ukauma pankabwera okokolola, kawirikawiri anyamata ndi atsikana a pakhomopo, oika udzu m'mizere. Kenako odziwa ntchito ankausonkhanitsa ndi chokankhira cha mano aatali n'kuthamanga nawo ku chitsetse. Pamwamba pa mulu pankaima amuna a mafoloko akuluakulu, oyala udzu, opondereza m'mbali ndi kuumba nsonga. Imeneyi inali ntchito yowawitsitsa, pakuti udzu unkawagwera pamutu, fumbi lili m'maso, dzuwa lili paliwombo. Akavalo ankavutika ndi ntchentche zoluma, ndipo makina akaswa chisa cha mavu ankatha kuthawa ndi munthu ali pampando.

Mbiri zambiri zimaiwala munthu amene ankadzuka woyamba. Mayi wa pakhomo, kapena wophika wolembedwa, ankakoleza moto cha m'ma 4 koloko kuti adyetse gulu lonse katatu pa tsiku, pa mafamu aakulu amuna makumi awiri kapena kuposerapo. Ankaphika buledi, nyama, mbatata ndi zotsekemera pa chitofu cha nkhuni m'mwezi wotentha kwambiri, kwinaku akukama, kuchapa ndi kusamala ana. Aganyu ankadziwitsana famu yodyetsa bwino, ndipo ya chakudya choipa inkasowa anthu udzu uli pansi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatenga anyamata ambiri, ndipo makina analowa m'malo mwawo. Alimi ankatenga magalimoto akale n'kuwatembenuza kuti aziyenda chambuyo atanyamula chokankhira udzu. Kenako kunabwera makina omanga udzu m'mitolo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunafika omanga mitolo ikuluikulu yozungulira imene munthu mmodzi amainyamula ndi thirakitala. Lero ntchito ya anthu makumi awiri imagwiridwa ndi atatu kapena anayi. Mabanja ena ku Big Hole ndi kufupi ndi katauni ka Avon akugwiritsabe ntchito chitsetse chija, chifukwa sichidya mafuta ambiri ndipo chikathyoka amachikonza ndi mtengo ndi misomali. Famu ya Kohrs, imene mdzukulu wake Conrad Warren anaisunga, inakhala malo a mbiri osamalidwa ndi boma mu 1972, ndipo m'chilimwe alendo amakaonako udzu ukuwunjikidwa ndi akavalo.

Ng'ombe kuphiri, udzu kudambo

Kuti dambo limere udzu womweta, ng'ombe ziyenera kuchokamo. Waya waminga, umene Joseph Glidden anaulembetsa mu 1874, unathandiza kutseka madambo, koma ng'ombe zinafunabe kodya. Thengo la kuchidikha linatha pamene lamulo la 1909 linapatsa osamukira kumeneko maekala 320 aliyense kuti alime tirigu. Ambiri mwa iwo anathawa chilala chimene chinayamba mu 1917, n'kusiya nthaka yogumuka. Kumapiri, nthambi ya boma yoona za nkhalango inakhazikitsidwa mu 1905 ndipo chaka chotsatira inayamba kulipiritsa odyetsa ziweto. Mu 1934 lamulo la Taylor Grazing Act linaika malo ena onse a boma pansi pa zilolezo. Udzu wopanda mwini unathera pomwepo.

Chilolezo chimanena chiwerengero cha ng'ombe, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka. Malipiro amawerengedwa pa ng'ombe imodzi ndi thole lake pa mwezi, ndipo kuyambira 1986 sanaloledwe kutsika pansi pa $1.35. Oteteza chilengedwe amati mtengowu ndi wochepa kwambiri, ndipo ng'ombe zimaononga magombe a timitsinje. Alimi amayankha kuti iwo ndi amene amakonza mipanda ndi zomwera, ndipo malowo ndi ovuta, otayitsa ziweto. Mkanganowu sunathe, koma wasintha kagwiridwe ka ntchito: masiku ano ng'ombe zimasunthidwa kuchoka m'chigawo china kupita china kuti udzu upume.

Ng'ombe zisanakwere kuphiri, mathole obadwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo amadindidwa ndi kubayidwa katemera. Mutu umodzi susenza denga, kotero mabanja oyandikana amagawana masiku. Lero onse ali kwa uje, sabata yamawa kwa uje. Palibe amalandira ndalama. Malipiro ake ndi chakudya chamasana ndi kudziwa kuti tsiku lako likafika anzako adzabwera ndi akavalo awo. Mwini ng'ombe ndiye amagawa ntchito, ndipo kupatsidwa chingwe kuti ukole mathole ndi ulemu umene mwana amauyembekezera kwa zaka. Tsiku lokweza ng'ombe amanyamuka kusanache kuti ayende kukadali kozizira. Amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mathole, ndipo akafika sachoka msanga. Amadikira mpaka mayi aliyense apeze mwana wake, chifukwa thole losokonezeka limabwerera komwe linayamwa komaliza, ngakhale kukhale makilomita ambiri kumbuyo. Nkhunzi zimalowetsedwa m'gulu pakati pa Meyi ndi Julayi, kuti pakatha miyezi isanu ndi inayi ndi masiku ochepa mathole adzabadwe kuzizira kukuchepa.

Kuyambira pamenepo banja limagawika pawiri. Wina amakwera kuphiri masiku angapo pa sabata, pa kavalo kapena pa njinga yamoto ya magudumu anayi. Amanyamula mchere n'kuuika kutali ndi madzi kuti ng'ombe zisamangokhala kumtsinje. Amayang'ana yotsimphina ndi ya maso otupa n'kuibaya mankhwala pomwepo, amalumikiza waya woduka ndi chipale kapena mitengo yakugwa, amapewa malo omera duwa lapoizoni lotchedwa larkspur. Mimbulu, imene alimi akale anaimaliza, inabwerera yokha kuchokera ku Canada m'zaka za m'ma 1980 ndipo ina inabwezeretsedwa ku Yellowstone mu 1995. Zimbalangondo nazo zachuluka. M'madera ena alimi amalemba munthu wokhala ndi ng'ombe chilimwe chonse, ntchito yofanana ndi ya abusa akale aja.

Otsala kumunsi amakhala ndi madzi. Udzu wa kudambo sudalira mvula koma chipale cha m'mapiri chimene chimasungunuka mu Meyi ndi Juni. Wothirira amavala nsapato zazitali zamphira, fosholo paphewa, n'kuyenda m'mphepete mwa ngalande m'mawa ndi madzulo. Amatchinga ngalande ndi chinsalu cholimba chomangirira pa mtengo, madzi n'kusefukira m'dambo, ndipo akakhuta pamenepo amasunthira chinsalucho patsogolo. Wodziwa ntchitoyi amadziwa kachitunda kalikonse ka m'dambo lake. Udzudzu wa ku Big Hole m'nyengoyi ndi wotchuka dera lonse. Kumayambiriro kwa Julayi amatseka madzi kuti pansi paume, ndipo anthu amapezako mpata wopita ku mipikisano ya akavalo ya pa 4 Julayi. Ikangotha, makina amalowa m'dambo. Kuchokera pamenepo aliyense amayang'ana kumwamba, pakuti mvula imaononga udzu womwetedwa, ndipo mphezi yopanda mvula imayatsa nkhalango momwe muli ng'ombe. Mpumulo wina umabwera mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala, pa chionetsero cha zaulimi cha m'boma, pomwe ana a m'magulu a zaulimi otchedwa 4-H amagulitsa mifule imene aisamala chaka chonse.

Madzi ochepa, ofuna ambiri

Lamulo la madzi ku Montana limati woyamba kupatutsa madzi ndiye woyamba kumwa. Ufulu uliwonse uli ndi chaka chake, ndipo mtsinje ukachepa mwini ufulu wa m'ma 1880 amathirira pomwe wa m'ma 1920 watsekeredwa. M'chilala cha 1988 mtsinje wa Big Hole unaphwa pafupi ndi Wisdom. Mumtsinjewu muli nsomba yotchedwa Arctic grayling, imene m'madera a America a kum'mwera kwa Canada yatsala m'mitsinje yochepa kwambiri. Alimi anaona kuti nsombayo ikatha, malamulo okhwima adzachokera kutali. Mu 1995 anakhala pansi ndi asodzi, oteteza chilengedwe ndi akuluakulu a boma n'kupanga komiti ya mtsinjewo. Anagwirizana kuti madzi akatsika pa mlingo wina, alimi achepetse kuthirira mwa kufuna kwawo ndipo asodzi asiye kuwedza. Kwa munthu amene agogo ake anakumba ngalande ndi manja, kutseka madzi udzu ukadali ndi ludzu si chinthu chapafupi, chifukwa madzi obwezedwa kumtsinje ndi matani ochotsedwa pa mulu. Ambiri amatsekabe.

Mavuto ena ndi a msika. Mathole amagulitsidwa mu Okutobala kapena Novembala, olemera makilogalamu pafupifupi 250, ndipo ndalama imeneyo ndiyo malipiro a chaka chonse. Makampani anayi okha ndi amene amapha pafupifupi 85 mwa ng'ombe 100 zilizonse zonenepetsedwa mu America, choncho mlimi alibe mawu pa mtengo. Olemera ochokera kumizinda akugula zigwa chifukwa cha kukongola kwake, pa mitengo imene ng'ombe sizingabweze. Zaka za alimi a ku America, pozigawa mofanana, zafika pa 58, ndipo ana ambiri akamaliza sukulu sabwerera.

Komabe chimene chinaphunziridwa mu 1887 sichinaiwalike. Chilimwe cha 2021 chinafanana ndi cha 1886: kutentha, chilala, dzombe ndi moto. Madambo ambiri anapereka udzu wochepa kwambiri, ndipo mtengo wogula kwina unakwera mosaneneka. Alimi sanadikire kuti aone mmene nyengo yozizira ikhalire. Anawerengera matani amene anali nawo, anawerengera pakamwa pofuna kudya, ndipo zopitirira anazikweza m'malole kupita kumsika chilimwe chisanathe. Ena anagulitsa ng'ombe zazikazi za mbewu imene banja linaisankha kwa mibadwo itatu, ndipo ululu wake unali weniweni. Koma anasankha kutaya chuma maso ali poyera kusiyana ndi kusiya chiweto kuti chife ndi njala. Kusiyana kwa zaka ziwirizi kukuonetsa zimene ulimiwu unasanduka: kale munthu ankatchedwa mwini ng'ombe chifukwa cha chizindikiro chimene anaidinda, lero amatchedwa mwini wake chifukwa wavomera kuidyetsa.